Mbiri ya Kinnah Phiri ikufunsa: aphunzitsi a mawa achokera kuti?

Nthawi iliyonse timu ya Flames ikagonja, mkangano womwe umabuka m'dziko muno ndi umodzimodzi: kodi timuyi ikufunika mphunzitsi wakunja kapena mwana wa kuno konkuno? Mkanganowu umamveka m'mawailesi a ku Blantyre ndi Lilongwe, komanso umafika mpaka pamsika wa Namwera m'boma la Mangochi, pomwe anyamata amadzaza m'nyumba zoonetsera mpira wa ku England. Pomwe dziko lino lalephera kupita ku mpikisano wa Africa Cup of Nations wa 2023 ndi wa 2025, dzina lomwe silisowa pazokambiranazi ndi la Kinnah Phiri.

Komatu mbiri ya mkuluyu ikaunikidwa modekha, ikuonetsa kuti funso la kwawo kwa mphunzitsi ndi laling'ono. Lalikulu ndi la njira yomwe munthu amadutsa kuti afike pokhala mphunzitsi wodalirika, ndiponso ngati njirayo idakalipo kwa achinyamata a m'madera akutali ndi mizinda.

Ngati wosewera, Kinnah, yemwe adabadwa mu 1954, adatchuka ku timu ya Bata Bullets m'zaka za m'ma 1970, ndipo ochemerera adamupatsa dzina loti "Electric". Mpaka lero palibe Mmalawi yemwe adagoletsera timu ya dziko lino zigoli zoposa 71 zomwe iye adamwetsa. Adali m'gulu lomwe, pansi pa mphunzitsi wa ku England Ted Powell, lidatenga chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa kawiri motsatizana: mu 1978 litagonjetsa Zambia 3-2 kuno kumudzi, ndi mu 1979 litagonjetsa Kenya 3-2 kwawo komweko.

Kutchuka kotereku kukadatha kumupezera mpando wa uphunzitsi msanga, monga zimachitikira ndi osewera ambiri akangopachika nsapato. Sizidatero. M'zaka za m'ma 1980 adasamukira ku Swaziland, dziko lomwe tsopano likutchedwa Eswatini, komwe adasewera ndi kuyamba kuphunzitsa ku timu ya Manzini Wanderers. Adakhala zaka zambiri kunjako, akusula luso lake kutali ndi ochemerera omwe ankamupembedza kwawo.

Zipatso zidaoneka mu 2004. Chaka chimenecho adatsogolera Bullets, yomwe inkatchedwa Bakili Bullets chifukwa cha thandizo la mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo Bakili Muluzi, mpaka m'ndime ya magulu ya mpikisano wa CAF Champions League. Panjira adatulutsa matimu monga Zanaco ya ku Zambia ndi Orlando Pirates ya ku South Africa. M'gulu lawo mudali Enyimba ya ku Nigeria, yomwe idatenga chikhocho chaka chomwecho, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Kuchoka apo adakaphunzitsa Free State Stars ku South Africa.

Choncho pomwe bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM lidamupatsa udindo wa Flames mu 2008, Stephen Constantine wa ku England atatula pansi udindowo, Kinnah adali ndi zaka zoposa 50 ndipo adali atagwira ntchitoyi m'maiko atatu. Mu June chaka chomwecho, pabwalo la Kamuzu ku Blantyre, Flames idagonjetsa Egypt, akatswiri a Africa a nthawiyo, 1-0 ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya cha kumapeto kwenikweni kwa masewero. Mu October 2009 idalepherana 1-1 ndi Ivory Coast ya Didier Drogba, ndipo mapeto ake idapeza malo ku mpikisano wa ku Angola wa 2010, koyamba chiyambire 1984. Kumeneko, pa 11 January, idakwapula Algeria 3-0 ndi zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, ngakhale idagonja 2-0 kwa Angola ndi 3-1 kwa Mali n'kutuluka m'ndime yoyamba. Nthawiyo mpikisanowu unkatenga maiko 16 okha, osati 24 monga zakhalira kuyambira 2019.

Zinthu zitatu zikuonekera m'mbiriyi. Choyamba ndi kuwadziwa osewera. Msana wa timu ya 2010, monga kaputeni Peter Mponda, goloboyi Swadick Sanudi ndi wapakati Robert Ng'ambi, udali wa anyamata omwe Kinnah adagwira nawo kale ntchito ku Bullets. Mphunzitsi wa timu ya dziko amakhala ndi osewera masiku owerengeka masewero asanachitike, kotero yemwe amawadziwa kale amayamba ali patsogolo.

Chachiwiri ndi nthawi. Kinnah adakhala pampandowo pafupifupi zaka zisanu, mothandizana ndi Young Chimodzi ndi malemu Jack Chamangwana, mpaka pomwe adachotsedwa kumayambiriro kwa 2013. Chichokereni iye, pampandowo padutsa Eddington Ng'onamo, Tom Saintfiet, Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny van Geneugden, Meck Mwase, Mario Marinica, Patrick Mabedi ndi Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, osawerengera ena ogwirizira. Aliyense amabwera ndi kaseweredwe kake ndi osewera ake, ndipo ambiri amachoka nyumba isanafike padenga. Mwase, yemwe adapititsa timuyi ku mpikisano wa ku Cameroon womwe udaseweredwa mu January 2022, adachotsedwa patangopita miyezi yochepa Flames itafika m'ndime ya matimu 16 kwa nthawi yoyamba.

Chachitatu ndi ndalama. Bullets ya 2004 idali ndi thumba lokwanira kulipira osewera ndi kuyendera maulendo akunja. Thandizolo litatha, osewera odalirika adabalalikira kunja ndipo timuyo idalowa m'mavuto azachuma kwa zaka zingapo. Luso la mphunzitsi silidasinthe. Chomwe chidasintha ndi zomwe adali nazo m'manja.

Mbiriyi ili ndi mbali yake yowawa. Chakumapeto kwa nthawi yake, Kinnah ankadzudzulidwa kuti akukakamira osewera omwewo ngakhale mphamvu zawo zidayamba kuchepa, ndipo kugonja kwa Ghana pa mpikisano wolimbirana malo ku chikho cha 2013 kudakulitsa madandaulowo. Kudzudzulako kudali ndi maziko. Komabe funso lomwe silidafunsidwe mokwanira ndi lakuti olowa m'malo mwa osewerawo akadachokera kuti. Mphunzitsi wa Flames amakolola zomwe ena adadzala, ndipo munda ukakhala wosalimidwa, ngakhale katswiri wochokera ku Ulaya amabwerera chimanjamanja.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudzira madera monga Namwera. Derali lili pamtunda, kummawa kwa boma la Mangochi, pamsewu wopita kuchipata cha Chiponde cholowera ku Mozambique. Mpira ndi wokondedwa kwambiri kumeneko: mabwalo a sukulu amadzaza pakakhala bonanza, makamaka yothandizidwa ndi andale kapena amalonda. Koma bonanza imatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo siphunzitsa mwana kuima pamalo ake, kupatsirana mpira kapena kusamala thupi. Omwe amaphunzitsa matimu a m'midzi nthawi zambiri ndi aphunzitsi a sukulu kapena osewera akale ongodzipereka, ambiri mwa iwo opanda chiphaso chilichonse cha uphunzitsi wa mpira. Matimu akuluakulu a Super League ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo mnyamata waluso wa kwa Jalasi kapena kwa Katuli akafika zaka 18 osaonedwa ndi aliyense, njira yomwe imamuonekera ndi ya ku Joni kukasaka ganyu, monga achitira achinyamata ambiri a m'bomali.

Masiku ano njira ya uphunzitsi ili ndi makwerero ake. Bungwe la CAF lili ndi ziphaso za C, B, A ndi Pro, ndipo matimu a m'ligi yaikulu amayenera kulemba mphunzitsi wokhala ndi chiphaso choyenera. Lamuloli ndi labwino, koma limapindulira okhawo omwe angafikire maphunzirowo. Ngati maphunziro oyambira achitikira m'mizinda yokha, mphunzitsi wa ku Namwera ayenera kupeza ndalama ya thiransipoti, malo ogona ndi chakudya asanalipire n'komwe za maphunzirowo. Kuwabweretsa paboma la Mangochi, pomwe pali kale bwalo la masewero, kungachepetse mtolowo. Mipikisano monga FDH Bank Cup, yomwe imapereka mwayi kwa matimu ang'onoang'ono, imathandiza kuti luso lioneke, koma siingalowe m'malo mwa ligi za ana asukulu zoseweredwa chaka chonse.

Umboni woti mphunzitsi amabala aphunzitsi anzake ulipo. Mponda, kaputeni wa Kinnah ku Angola, adatenga ligi ya 2024 ngati mphunzitsi wa Silver Strikers, atakhala zaka zingapo akuthandizira Pasuwa ku Bullets. Naye sadadumphe makwerero.

Utsogoleri wa FAM, womwe uli m'manja mwa Fleetwood Haiya kuyambira December 2023, udzayesedwa ndi zotsatira za Flames, ndipo n'zomveka. Koma akuluakulu adati mmera mpoyamba. Muyeso wina woyenera kuuyang'ana ndi chiwerengero cha aphunzitsi okhala ndi ziphaso m'maboma monga Mangochi, komanso kutalika kwa nthawi yomwe mphunzitsi wa timu ya dziko akupatsidwa kuti amange gulu lake. Kinnah adafika pampando wa Flames patadutsa zaka zoposa 20 chichokereni kwawo kupita ku Swaziland. Mphunzitsi yemwe adzatsogolere timuyi zaka 20 zikubwerazi ayenera kukhala kuti wayamba kale ntchito lero, mwina pabwalo lafumbi la sukulu ina yapulayimale ku Namwera.