Kalata kwa malemu Norman Carr

A Carr,

Chitisiyireni mu 1997, Mfuwe wasintha moti mukadabwera lero mukadafunsa njira. Msewu wochokera ku Chipata ndi wa phula. Kuyambira ku bwalo la ndege, kudutsa pa Cropping mpaka pa mlatho wa Luangwa, nyumba, magolosale, matchalitchi ndi masukulu zangoti ndandanda. Anthu akubwera kudzasaka ntchito m'maloji, ndipo sindingawadzudzule, poti ntchito zimenezi mudaziyambitsa ndinu.

Koma njovu palibe adaziuza kuti malo agawidwa. Kukamada zimaoloka Luangwa kuchoka m'paki n'kulowa mu Lupande, kwa a mfumu Kakumbi, a Nsefu ndi a Mnkhanya, kulondola njira zomwe amayi awo ankadutsa. Pomwe panali tchire zikupeza mpanda, mango ndi nkhokwe.

Pali njira imodzi yokha imene aliyense amailemekeza. Chaka ndi chaka, cha mu Novembala, banja la njovu limalowa polandirira alendo pa Mfuwe Lodge kupita kukadya zipatso za mtondo kuseri kwake. Eni malowo sadatsekepo. Antchito amapatuka, alendo amajambula, zithunzi zili mbwee pa intaneti. Njovu yomweyo ikadutsa m'munda wa mayi wa kwa Kakumbi usiku umodzi, chimanga cha chaka chonse chatha, ndipo boma silipereka chipukuta misozi. Tsono mwana wa mayiyo timuuza bwanji kuti njovu ndi chuma chake?

A Conservation South Luangwa akuyesetsa ndithu: mipanda ya tsabola, mifuti yowombera tsabola, nkhokwe zolimba zoti chitamba sichingaboole. Zimathandiza. Komabe zonsezi n'zopirikitsira. Njovu ikathawa tsabola pano imakagwera kwa mnansi, chifukwa sitidaisiyire podutsa. Inu mudagwirapo ntchito yowombera njovu zoononga minda musanayambe kuyenda ndi alendo m'tchire wapansi, ndiye mukudziwa komwe nkhani yotere imathera.

Chimene chandilembetsa ndi zomwe mudachita mu 1950. Mudakhala pansi ndi a mfumu Nsefu, iwo n'kupatula gawo la dziko lawo kuti likhale la nyama, ndalama za alendo zizipita kwa Akunda eni nthaka. South Luangwa idadzakhala paki mu 1972, koma mudayambira pabwalo la mfumu. Lero lamulo lilipo kale: Urban and Regional Planning Act ya 2015 imalola khonsolo kupangana ndi mafumu za kagawidwe ka malo a makolo. Chatsala n'chakuti khonsolo ya Mambwe, a dipatimenti yoona za nyama zakutchire, ma CRB (makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe) ndi nduna ayende wapansi pamodzi ndi akuluakulu odziwa pomwe njovu zimaolokera, aikepo zizindikiro, ndipo pamenepo pasagawidwe puloti, kaya wopempha ndi mlimi kaya ndi mwini loji. Amene munda wake wagwera m'njiramo apatsidwe malo ena abwino, ndiponso akhale woyamba kulandira pa ndalama za ulenje ndi za alendo. Kupanda kutero n'kungomulanda.

Tidaona zomwe zidachitika kum'mawa kwathuku. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, zina n'kuolokera kuno ku Zambia, m'midzi ya pakati pa Kasungu ndi Lukusuzi. Pamapepala derali ndi njira ya nyama, koma m'menemo mumakhala anthu olima, ndipo ena adataya miyoyo.

Ku Mfuwe mipata ikadalipo, ngakhale ikuchepa chilimwe chilichonse njerwa zikaotchedwa. Inu simungabwerenso kudzakhala pabwalo paja, n'chifukwa chake kalatayi ndikuiika poyera kuti a khonsolo ndi mafumu athu aiwerenge. Aitanitse msonkhano mapuloti otsalawo asanagawidwe.

Ndatha ine,
Mdzukulu wa m'chigwa cha Luangwa