Pobwera Kagalu, Wamkota Asaiŵalike

M'chigwa cha Bwanje, m'boma la Ntcheu, galu si chiŵeto cha maseŵera ayi. Iye ndiye mlonda wa khola la mbuzi pamene afisi akuzungulira mudzi usiku, ndiponso ndiye amapirikitsa anyani chimanga chikamakhwima. Koma galu sakhalitsa ngati munthu. Akafika zaka 8 kapena 10, mano amayamba kuphwanyika, liŵiro limachepa, ndipo mwini nyumba wanzeru amafunafuna kagalu koti kadzaloŵe m'malo mwake. Apa ndi pamene ambiri amaphonya njira.

Kagalu kakangofika, ana onse amakapikisanirana, mkute wonse umakhala wake, pamene galu wamkulu amene walondera pakhomo zaka zonsezi amaponyedwa chikuni akangoonetsa mano. Ena amangoŵaikira mbale imodzi nati, "Adziŵana okha." Ine ndikuti njira ziŵiri zonsezi n'zolakwika. Kagalu kamabwera ngati wophunzira, ndipo mphunzitsi wake ndi wamkota yemweyo. Mukamunyoza mphunzitsi, sukulu yatha.

Tiyambe ndi za moyo. Kagalu kasachotsedwe kwa make kasanakwanitse masabata 8, ndipo katengedwe pakhomo podziŵika, pamene make adalandira katemera. Kagalu kogula kwa munthu wongodutsa pamseu kangathe kubweretsa chiŵeŵe, nthenda imene ikangoonekera ilibe mankhwala. Bungwe la WHO limati chiŵeŵe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, kuti pafupifupi onseŵa amachitenga kwa agalu, ndi kuti anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Ndani amagona ndi kudzuka ndi kagalu pakhomo? Si ana omwewo kodi? Choncho galu wamkulu akhale wobayidwa kale mlendoyo asanafike, ndipo kagalu nako kapite kwa alangizi a ziŵeto kukalandira katemera wake. Kuti ntchitoyi njotheka tidaona mu 2015, pamene bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Mwana akalumidwa, ngakhale ndi kagalu kakang'ono, tsukani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano za kukumana kwawo. Galu amadziŵa dziko lake ndi mphuno. Bwalo, khonde ndi kuseri kwa nkhokwe kumene amagona, kwa iye zonsezi ndi zake. Mlendo woponyedwa pakati pa bwalo mwadzidzidzi amaoneka ngati wolanda. N'chifukwa chake nkwabwino kuti aŵiriŵa akayambe kuonana kunja kwa mudzi, kunjira kapena kudambo, aliyense pachingwe chake chosakoka. Anunkhizane mokwanira, kenaka aloŵe pakhomo limodzi.

Pa chakudya ndi pamene pamabuka nkhondo zambiri. Aliyense akhale ndi mbale yake, motalikirana, ndipo wamkulu ayambe kulandira ndiye. Malo ake ogona asalandidwe. Masabata aŵiri kapena atatu oyamba, musaŵasiye okha pamene nonse mwapita kumunda. Kagalu katsekeredwe pamalo pakepake pamthunzi, ndi madzi akumwa. Wamkulu akadzuma kapena kuonetsa mano pamene kagalu kakumukwera pamutu, musathamangire ndodo. Kumeneko ndiko kulanga kwa agalu, monga agogo adzudzulira mdzukulu wopanda mwambo. Muloŵererepo pokhapokha ngati akukaluma mopweteka kapena kukasaka mosalekeza.

Wina adzati, "Galu ndi galu basi, kodi zonsezi n'zachiyani pamene tili ndi ntchito ya kumunda?" Yankho lake lili m'khola. Kagalu kokula motsatira wamkota kamaona kumene malire a pakhomo athera, kamazoloŵera nkhuku ndi ana a mbuzi, kamasiyanitsa wachibale ndi wakuba. Zimenezi ndodo siphunzitsa. Koma kagalu kokula mwamantha, kothamangitsidwa ndi mnzake tsiku ndi tsiku, kaŵirikaŵiri kamasanduka galu woyendayenda, wogwira nkhuku za eni, wolimbana ndi agalu achilendo, ndipo potsiriza mwini wake amakhala pabwalo la amfumu kulipira mlandu. Masabata atatu a kudekha ndi otchipa poyerekeza ndi mbuzi ya chindapusa.

Pali chinanso chimene aphunzitsi ndi inu achinyamata amene mwangomaliza sukulu muyenera kuchiganizira. Ana amapenya. Akaona kuti wantchito wokhulupirika amatayidwa tsiku lomwe watsopano wafika, phunzirolo adzalitenga, ndipo silidzathera pa agalu okha. Makolo adati galu wamkota sakandira pachabe. Mpatseni ulemu wake, ndipo iye adzakusiyirani mlonda wodziŵa ntchito.