Asipilini Asagulidwe Monga Maswiti

M'tuntemba ta ku Vubwi, Sinda ndi Katete, asipilini amagulitsidwa pamodzi ndi sopo ndi mcere. Mutu ukawawa, munthu amangogula ndi kumwa. Cizolowezi cimeneci ciyenera kutha, pakuti mankhwalawa amafooketsa mphamvu ya magazi yotseka cilonda.

M'magazi muli tizidutswa tating'ono tochedwa ma platelet, timene timapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Kunja kwa kacidutswa kalikonse kuli tingowe pafupifupi 80,000 tochedwa integrin. Munthu akakhala bwino, tingowe timeneti timakhala topindika kuti magazi asaundane m'mitsempha. Koma mtsempha ukadulika, mapuloteni awiri a m'kati, talin ndi kindlin, amagwira tsinde la kangowe ndi kukawongola. Kakawongoka kamakola ulusi wa fibrinogen, umene umamanga platelet imodzi ku inzake mpaka cilonda citatsekeka.

Asipilini amaletsa platelet kupanga thromboxane, uthenga umene umadzutsa zinzake kuti ziwongole tingowe tawo. Platelet yokhudzidwa siibwereranso mwakale pa moyo wake wonse wa masiku 7 mpaka 10. Motero mutu ungapole lero, koma magazi amakhalabe ofooka kwa masiku angapo.

Ngozi yagona pamenepa. Malungo, amene ndi ofala kuno Kum'mawa, amacepetsa kale ma platelet. Wodwala zilonda za m'mimba angathe kusanza magazi. Mayi amene ali pafupi kubereka angataye magazi ambiri. Kwa mwana wotentha thupi, asipilini angabweretse matenda oopsa a ciwindi ndi ubongo ochedwa Reye. Vubwi inakhala boma payokha mu 2012, koma magazi akayamba kutayika usiku kumudzi, ulendo wa ku cipatala cacikulu ca Chipata ukali wautali.

N'zoona kuti madokotala amapatsa asipilini wocepa kwa odwala mtima ndi amayi ena apakati. Amenewa asaleke kumwa, cifukwa dokotala anayamba wawapima. Colakwa ndi kudzilembera wekha mankhwala pa kantemba.

Makolo asapatse asipilini mwana wosafika zaka 16. Paracetamol ndiye woyenera pamene akuthamangira naye ku kiliniki kukapimitsa malungo. Wokamuna ndi wokacezera abale kumudzi asawatengere mapilisi osadziwa za m'kati mwake. Eni tuntemba nawonso azifunsa kuti wodwalayo ndani asanalandire ndalama.