Chikalata cha Achinyamata a Kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa kwa Khonsolo ya Boma la Zomba

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Zomba, Wapampando wa Khonsolo ndi makhansala onse, kudzera kwa mafumu athu, a T/A Mwambo, a T/A Kuntumanji ndi a T/A Mkumbira.



Olemba chikalata chino ndife anyamata ndi atsikana a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kuyambira kudoko la Kachulu mpaka pachilumba cha Chisi. Pakati pathu pali Anyanja, Ayao ndi Alomwe. Ena timaswali Lachisanu, ena timapemphera Loweruka kapena Lamulungu. Ena timakoka makoka a eni ake, ena timapalasa mabwato, ena ndife akabaza, ena timayanika matemba ndi kuwamba milamba, ena timalima mpunga kusikimu ya Likangala. Tamanga mfundo imodzi: ntchito ya nyanja ino ili m'manja mwathu, koma pabwalo pomwe amagamula za nyanjayi ndi za chitukuko cha midzi yathu palibe mpando wathu. Mpandowo ndi womwe tadzera. Tabwera mwaulemu koma osati mopemphetsa, pakuti gawo 30 la malamulo aakulu a dziko lino likuti chitukuko ndi ufulu wa munthu aliyense.

Nyanja yathu ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiponso ndi yosaya. Imadalira Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo mvula ikavuta zaka zingapo motsatizana, dzuwa limaimaliza. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 tinaona ndi maso athu mabwato atakhala pamatope ong'aluka pa Kachulu. Amene ankakankha mabwato m'matopemo kuti odwala ndi matumba a ufa awoloke pakati pa Chisi ndi kumtunda anali anyamata. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy atabweretsa madzi osefukira, onyamula agogo kumsana analinso omwewo. Ntchito ikakhala yolowa m'matope, dzina lathu limadziwika. Likafika tsiku logawa ndalama, timamva kuti ndife ana.

Chofuna chathu choyamba ndi ichi. M'makomiti a chitukuko, VDC ndi ADC, pa mipando itatu iliyonse umodzi ukhale wa munthu wosapitirira zaka 35, ndipo theka la mipandoyo likhale la atsikana. Tikudziwa kuti mutiyankha kuti woimira achinyamata alimo kale. Alimodi, koma m'midzi yambiri amakhala mmodzi yekha, wosankhidwa ndi akuluakulu, kawirikawiri mphwake wa wina wa m'komitimo. Ntchito yake ndi kulemba maminitsi, popeza ndiye adapitako kusukulu, ndi kukatenga zakumwa kugolosale. Munthu wotere sangatsutse amalume ake pagulu. Tikufuna tizisankha tokha otiimira, pamsonkhano wapoyera, popanda nsalu ya chipani chilichonse, ndipo akhale ndi mphamvu yovota ndi yosainira. Kalembera wa 2018 adapeza kuti oposa theka la Amalawi sadafike zaka 18. Masomphenya a Malawi 2063 nawonso adaika achinyamata patsogolo. Zimenezo zionekere pamndandanda wa mayina a m'komiti.

Nkhani yomweyi ikuvuta kwambiri m'makomiti a m'madoko, ma BVC. Lamulo la zausodzi la 1997 lidatsegula njira yoti asodzi azitenga mbali posamala nyanja, koma amene amakhala m'makomitiwa ambiri ndi eni makoka ndi eni mabwato, anthu ogona kumtunda. Mnyamata wokoka khoka usiku wonse alibe mawu. Nyanja ikatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kuti makumba ndi matemba aswane, mwini khoka amadya zomwe adasunga, mnyamata uja n'kutsala chimanjamanja m'miyezi ya njala yeniyeni. Akatumidwa kukaponya khoka mozemba, wogwidwa ndi iyeyo, womutumayo ali mtulo. Kutseka nyanja sitikukana, tikudziwa phindu lake kuposa aliyense. Tikufuna BVC iliyonse ikhale ndi mipando ya okoka makoka ndi ya atsikana ochita malonda a nsomba, ndiponso ntchito zolipidwa za khonsolo, monga kukonza misewu ndi kudzala mitengo m'mbali mwa mitsinje, zizibwera kuno m'miyezi itatu yomweyo, osati m'nyengo yomwe matemba ali mbwee.

Chachiwiri ndi ndalama. Thumba la chitukuko cha m'madera la CDF lilipo kuyambira 2006, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Choncho pasavute kumata pakhoma la sukulu, pachipatala ndi padoko chikalata chonena kuti dera lino lalandira zingati, zapita ku ntchito iti, kontalakita ndani, atsiriza liti. Chilembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, chiwerengedwenso pawailesi ya Chanco kaamba ka osatha kuwerenga. Achinyamata awiri a m'mudzi momwe muli ntchitoyo azisainira nawo kontalakita asanalandire malipiro omaliza.

Chachitatu: nyanja idzaphwanso. Tsiku lake silidziwika, koma agogo athu adaiona ikuphwa, makolo athu adaiona, nafenso taiona. Ikaphwa, anyamata amabalalika, ena kunyanja ya Chiuta ndi Malombe, ena ku Mozambique, ena ku Joni opanda ziphaso. Otsala amakwera m'mapiri kukawotcha makala, n'kumaliza mitengo yomwe imasunga mitsinje yodzaza nyanja yomweyo. Tikufuna khonsolo ilembe limodzi nafe dongosolo la chaka chomwe nyanja yaphwa, lisanafike chakacho. Mtima wa dongosololi ukhale luso la manja. Sukulu ya ntchito zamanja ya Nasawa ili m'boma lathu lomwelino, koma mwana wa ku Chisi alibe ndalama ya bwato, ya galimoto ndi ya lendi. Kambiranani ndi a TEVETA, oyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kuti aphunzitsi azibwera ku Kachulu: kukonza injini za maboti ndi njinga zamoto, kukhoma mabwato a matabwa, kuwotcherera, kulumikiza magetsi a sola, kusoka.

Pamenepa tiyamikeko. Ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo, yomwe idayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway kudzera ku LEAD, WorldFish ndi FRIM, idaonetsa amayi a pa Kachulu kuyanika matemba m'nyumba za pulasitiki zotenthedwa ndi dzuwa. Matemba opanda mchenga, osaterapo ntchentche, amagulidwa bwino. Koma pulojekiti iliyonse ili ndi tsiku lotha. Tikupempha kuti khonsolo ilembe zonse zomwe mabungwe adasiya m'mbali mwa nyanja muno, ndipo magulu a achinyamata aphunzitsidwe kuzikonza ndi kuziyang'anira. Mutinenerenso kwa a bungwe la boma lobwereketsa ndalama kuti ngongole ya msodzi isamafune kubwezedwa m'mwezi womwe boma lomwelo latseka nyanja.

Chachinayi ndi umoyo. Anzathu ambiri amakhala milungu ingapo m'zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa njedza, kumwa madzi a m'nyanja momwemo, chimbudzi chili chomwecho. Kolera amayambira kumeneko kawirikawiri. Pa katemera wa kolera wa 2016, asodzi a m'zimbowera adapatsidwa mlingo wachiwiri kuti akamwe okha kunyanja. Ngati adakhulupiriridwa pamenepo, angakhulupiriridwenso lero. Phunzitsani anyamata a m'zimbowera momwemo kugawa kolorini ndi thanzi ORS ndi kudziwitsa azaumoyo msanga. Chisi ikhale ndi boti la injini lodikira odwala ndi amayi oyembekezera. Mijigo yambiri ya kuno imatulutsa madzi amchere. Musanakumbe wina, yezani madziwo ndipo mutifunse.

Za atsikana sitichulukitsa mawu, pakuti lamulo lidanena kale mu 2017 kuti ukwati ndi zaka 18. Chikusowa ndi malo ogona atsikana pasekondale zoyendera za kuno ndi mpamba wawo, kuti asamagule matemba ndi thupi lawo.

Nafe tili ndi mbali yathu. Nyanja ino idalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo m'zaka za m'ma 1990, ndipo UNESCO idaizindikira mu 2006 monga malo oyenera kutetezedwa. Tilondera ophera nsomba masikito, titeteza malo oswanirana mbalame, tidzala mitengo ndi kuisamala mpaka ikule, osati kungoidzala tsiku lomwe kwabwera makamera.

Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 30 chilandirireni chikalatachi, lotchula mfundo iliyonse, amene aigwire ndi mwezi wake. Pomwe simungathe, nenani kuti simungathe ndi chifukwa chake. Kenako tikumane padoko la Kachulu, mafumu athu alipo, osati kuholo ya m'tauni komwe kumafika oitanidwa okha. Alawansi musatikonzere.

Ndife ana anu,
Achinyamata a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa.
Mayina athu ndi zidindo za zala zili pamapepala otsatirawa.