Khutu likalephera, thupi limamva

Anyamata operekeza alendo paphiri la Zomba akakufikitsani pa dzenje la Chingwe, nkhani yawo imakhala yomweyo: akuti kalekale mafumu ankaponyamo adani awo, ena amati ankaponyamo akhate. Ukamasuzumira mmenemo, mphepo ikuwomba, nkhungu ikukwera kuchokera kuchigwa cha Shire, thupi limachita tsembwe. Ena amati pachifuwa pamalemera ngati wina wakhalapo. Ine anthu oterewa sindiwaseka ayi. Zomwe amamva m'thupizo n'zenizeni. Funso langa n'lakuti, chimazibweretsa n'chiyani?

Mawu ndi mpweya umene ukunjenjemera, ndipo khutu lili ndi malire ake. Limagwira kunjenjemera koyambira ka 20 kufika ka 20,000 pa sekondi imodzi. Kukachepera ka 20, khutu limangoti kuli zii, koma mpweyawo ukugwedezabe thupi. Asayansi mawu otsikitsitsawa amawatcha infrasound. Amene munaimapo pafupi ndi sipika yaikulu paukwati, besi n'kumakugundani m'nthiti, mwayandikira kale zomwe ndikunenazi.

Injiniya wina wa ku England, Vic Tandy, ankagwira ntchito pamalo opangira zipangizo za m'chipatala pomwe anzake ankati pali mzukwa. Usiku wina ali yekha anatuluka thukuta lozizira, ndipo m'mbali mwa diso anaona chinthu chotuwa chikuyandikira. Atacheuka, palibe. Mawa lake anabwera ndi lupanga lake lopyapyala lamasewera, n'kulipana pachopanira kuti alikonze. Lupangalo linayamba kunjenjemera lokha. Mnzathuyu sanathawe, anayamba kufufuza. Anapeza kuti fani yatsopano yotulutsa mpweya inkagwedeza mpweya wa m'chipindamo pafupifupi ka 19 pa sekondi. Faniyo itakonzedwa, mzukwa uja sunabwerenso. Nkhaniyi anaisindikiza mu 1998 pamodzi ndi Tony Lawrence.

Mu 2003, ku London, Richard Wiseman ndi anzake anabisa mawu a ka 17 pa sekondi m'nyimbo zina pakonsati ya anthu pafupifupi 700. Mwa anthu 100 alionse, 22 anati anamva zachilendo: nkhawa, chisoni chosadziwika kochokera, kuzizira kumsana.

Njovu za ku Liwonde kuno zikanaseka kuti tikudabwa nazo. Izo zimaitanizana ndi mawu oterewa pamtunda wa makilomita angapo, ife osamva kanthu. Katy Payne anazitulukira zimenezi mu 1984 atamva mpweya ukugunda pafupi ndi khola la njovu ku Portland, m'dziko la America.

Tsono tibwerere kuphiri kwathu. Mwana akauzira pakamwa pa botolo, limalira, ndipo botolo likakula mawu ake amatsika. Dzenje lakuya lomwe mphepo ikudutsa pakamwa pake lili ngati botolo lalikulu kwabasi. Mphepo yamphamvu yowoloka mapiri, mathithi, mabingu ndi kugumuka kwa nthaka, zonsezi zimatulutsa mawu otsikawa. Pamenepa ndimaganizira za Napolo, yemwe anasesa Zomba mu Disembala 1946. Akuluakulu amati Napolo asanafike phiri limayamba labuula. Miyala ndi matope zikamatsetsereka zimalirimadi chomwecho, ndipo kumayiko ena amatchera makina omvera kulirima kumeneku kuti achenjeze anthu a kumunsi. Makolo anam'patsa dzina la chinjoka, koma makutu anali nawo.

Musanene kuti ndati mzukwa uliwonse ndi fani. Chris French wa ku Goldsmiths, ku London komweko, anamanga chipinda n'kumalowetsamo anthu mmodzimmodzi, ena akuwatsegulira mawuwa, ena ayi. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2009, zinaonetsa kuti ambiri anamva zachilendo ngakhale makinawo ali ozimitsa. Chimene chinkalamula kwambiri ndi maganizo omwe munthu walowa nawo. Ndiye pa Chingwe paja, nkhani ya mnyamata woperekezayo imagwiranso ntchito yake, mwina kuposa mphepo.

Kumene nkhaniyi imandiwawa ndi kunyumba. Banja lasamukira m'nyumba ya lendi ku Chinamwali kapena ku Matawale. Mayi tulo sakugona, mwana akulira usiku, bambo akuti m'chipinda muli chinthu. Sabata isanathe, chala chaloza agogo a nyumba yoyandikana nayo. Tonse tikudziwa mmene nkhani zotere zimathera kuno kwathu: okalamba kumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene. Lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma mkwiyo wa chigulu suwerenga malamulo.

Musanapite kwa sing'anga kapena kwa mneneri, zungulirani kaye kuseri. Kodi pafupi pali chigayo chogaya mpaka usiku? Jenereta ya golosale? Pampu ya madzi? Nanga filiji yakale ija yotsamira khoma la kuchipinda? Ikani mbale ya madzi pansi, muone ngati madziwo akuchita timizere. Zimitsani filijiyo usiku umodzi. Bedi lichotseni pakona, pakuti mawu otsika amakonda kuunjikana m'makona, mukagone mbali ina masiku atatu.