Tisamunamizire Danieli

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu a Bible Knowledge, nkhani iyi yandikwana. Sabata yatha mwana wina wa Fomu 3 anandiuza kuti azakhali ake asiya mankhwala a shuga chifukwa mlaliki wina wati Aisraele ankangodya masamba, n'chifukwa chake sankadwala. Bodza lenileni!

Tsegulani Deuteronomo 8:8. Zokolola 7 zimene dziko lolonjezedwa likutamandidwa nazo ndi tirigu, barele, mphesa, nkhuyu, makangaza, azitona ndi uchi. Masamba mulibemo. Chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku chinali buledi, mafuta a azitona ndi vinyo, kuwonjezapo mphodza ngati zimene Esau anagulitsira ukulu wake. Nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za pa Numeri 11:5 ankazilirira ali m'chipululu, pokumbukira Igupto. Ngakhale Miyambo 15:17 imaika masamba kumbali ya wosauka, ng'ombe yonenepa kumbali ya wolemera.

Nanga Danieli? Iye anakana chakudya cha mfumu ya Babulo poopa kudzidetsa pachipembedzo. Nkhani ya shuga kapena BP munalibe. Masiku 10 aja anali oyesera kuti woyang'anira aone ngati anyamatawo angaonde.

Musandimve molakwa. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani ndimadya, ndipo ana athu azidya. Koma phindu lake tiliphunzitse mu Biology, ndi umboni wake. Inu amene munadutsa m'kalasi mwanga mukudziwa lamulo langa: werengani mutu wonse musanatsutse kapena kuvomera. Azakhali ajanso abwerere kuchipatala msanga.