Chitetezo cha Sicilian: Ana Adziŵe Chifukwa Chake

Poyendera ophunzira a pa koleji pano amene ali pa ntchito yoyeserera kuphunzitsa m'boma la Mulanje, taona chinthu chotikondweretsa: m'sukulu zingapo aphunzitsi achinyamata ayambitsa magulu a maseŵera a chess. Mabolodi ena ngojambula pa makatoni, ndipo pamene msilikali wasoŵa aikapo chotsekera botolo, koma ana akuseŵera ndithu. Taonanso kuti ana amene azoloŵerako maseŵeraŵa, akapatsidwa zida zakuda, amathamangira kuyamba ndi njira yotchedwa Sicilian. Tsono ena mwa inu mwatifunsa ngati n'koyenera kuphunzitsa ana a ku pulayimale chitetezo chimenechi. Ife tikuti n'koyenera, pokhapokha ngati mphunzitsi afotokoza chifukwa cha kusuntha kulikonse, m'malo mopatsa ana mndandanda woti aloŵeze pamtima.

Tiyambe tafotokoza mmene chitetezochi chimayendera. Mwini zoyera ndiye amayamba, ndipo kaŵirikaŵiri amakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu kufika pa kabokosi ka e4. Mwini zakuda angathe kumtsanzira poika wake pa e5. Koma woseŵera Sicilian satsanzira. Iye amakankha msilikali wa patsogolo pa bishopu wa mbali ya mfumukazi kufika pa c5, kuti alondere kabokosi ka d4. Mwini zoyera akatulutsa kavalo pa f3 ndi kukankha msilikali wina kufika pa d4, wa pa c5 uja amamudya, kavaloyo n'kudyanso iye. Aliyense wataya msilikali mmodzi, komatu sanataye zofanana. Mwini zakuda wapereka msilikali wa chakumbali nalandira wa pakati, kotero kuti watsala ndi aŵiri a pakati pamene mnzake ali ndi mmodzi, ndiponso mzere wa c watsegukira ruku wake. Naye mwini zoyera wapezapo phindu, pakuti zida zake zatuluka msanga ndipo ali ndi malo okwanira kuukira mfumu ya mnzake. Pamenepa ndi pamene pagona Sicilian yense: aŵiriŵa ali ndi mphamvu zosiyana, ndipo aliyense ayenera kuganiza mmene angagwiritsire ntchito zake.

Njirayi si yatsopano. Inalembedwa ndi Giulio Polerio wa ku Italy m'chaka cha 1594, ndipo dzina lake, lochokera ku chilumba cha Sicily, linafala Jacob Sarratt wa ku England atalitchula m'buku lake mu 1813. Kwa zaka zambiri akatswiri ena anali kuikayikira, koma nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha inayamba kukondedwa kwambiri. Mmodzi wa amene anaikweza ndi Miguel Najdorf, wobadwira ku Poland, amene nkhondo inampeza ali pa mpikisano ku Buenos Aires mu 1939 nakhazikika konko ku Argentina. Nthambi ya Sicilian yotchedwa ndi dzina lake inali chida cha Bobby Fischer, amene anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1972. Garry Kasparov analanda ukatswiriwo kwa Anatoly Karpov ku Moscow mu 1985, ali ndi zaka 22, popambana maseŵero otsiriza a nambala 24 ndi zida zakuda mu Sicilian. Magnus Carlsen nayenso anadalira chitetezo chomwechi poteteza ukatswiri wake kwa Fabiano Caruana ku London mu 2018. Pakati pa akatswiri, palibe yankho lina la e4 limene limaseŵeredwa kaŵirikaŵiri kuposa ili.

Chifukwa cha kutchuka kumeneku n'chosabisika. Woyamba kusuntha amakhala patsogolo pang'ono, ndipo womtsanzira amangoyesetsa kuti amupeze. Sicilian amapatsa wachiŵiri mpata womenyera chipambano kuyambira pachiyambi pomwe. Kwa ife aphunzitsi phunziro lake ndi lalikulu: mwana amaona ndi maso ake kuti kusinthana chinthu chimodzi ndi chimodzi sikutanthauza kuti mwafanana, pakuti mtengo wa msilikali umadalira pamene waima. Amaphunziranso kupirira, popeza phindu la asilikali a pakati limaoneka mochedwa, atayamba wapulumutsa mfumu yake.

Komabe chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pa sukulu ina ya m'mbali mwa mseu wochokera ku Chitakale kupita ku Muloza tinapeza mnyamata wa Sitandade 7 amene anzake anali kumuopa, chifukwa anali ataloŵeza kusuntha khumi koyamba kwa Najdorf kuchokera pa foni ya mkulu wake. Tsikulo anakumana ndi mtsikana wa Sitandade 6 amene, m'malo motulutsa kavalo, anakankha msilikali pa c3. Mnyamatayo sanaime kuti aganize. Anapitiriza monga analoŵezera, ndipo atadya pa d4, mtsikanayo anabwezera ndi msilikali wa pa c3 uja, nakhala ndi asilikali aŵiri pakati, pa d4 ndi pa e4. Phindu lonse la Sicilian linathera pomwepo, mwini wake osazindikira. Atagonja tinamfunsa chifukwa chimene anakankhira msilikali pa a6, ndipo anatiyankha mwaulemu kuti ndi mmene amaseŵerera akatswiri. Sanadziŵe kuti msilikaliyo amatsekera kavalo ndi bishopu kabokosi ka b5. Akadaphunzitsidwa kufunsa, akadaona kuti msilikali wa pa c3 walanda malo a kavalo amene amateteza e4, ndipo akadaukira e4 nthaŵi yomweyo ndi d5 kapena ndi kavalo pa f6.

Mlandu umenewu sitingausenzetse mwana. Ngwathu aphunzitsife, chifukwa matenda ake ndi omwe aja timawaona m'kalasi. Mwana woimba bwino mndandanda wa kuchulukitsa amasoŵa chochita akafunsidwa mtengo wa nthochi 7 pamene imodzi ili pa mtengo wakutiwakuti. Wina woloŵeza mayankho a mayeso a zaka zapita amaima mutu pa mayeso a Sitandade 8 funso likangotembenuzidwa pang'ono. Tikalola chizoloŵezi chimenechi kuloŵanso m'gulu la chess, ndiye kuti tataya malo amodzi pa sukulu pamene mwana akadaphunzira kudziganizira yekha.

Pali anzathu ena amene amati Sicilian asiyidwire a ku sekondale, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Kukankha msilikali pa e5 kumatsegulira njira bishopu ndi mfumukazi, pamene c5 amatsegulira mfumukazi yekha. Motero mwini zakuda amachedwa kutulutsa zida, ndipo mwana wosadziŵa kubisa mfumu yake angagonje maseŵero asanapite patali. Tikuvomereza kuti m'mera m'poyamba, ndipo mwana ayenera kuyamba ndi e5. Chimene sitikuvomereza ndi kuletsa. Ana akuiona kale njirayi pa mafoni, ndipo tikaikana adzaiphunzira kumbali mwa kuloŵeza komwe tikudandaula nako.

Choncho tikupempha inu amene mukutsogolera magulu ameneŵa kuti muyese dongosolo ili. Choyamba, teremu yoyamba yonse ana aseŵere e4 ndi e5, kufikira atazoloŵera kulanda pakati, kutulutsa akavalo ndi mabishopu, ndi kubisa mfumu msanga. Chachiŵiri, poyamba Sicilian muwaonetse kusuntha kunayi kokha, kufikira pamene kavalo wadya pa d4, ndipo muime pomwepo. Afunseni aŵerenge asilikali a pakati, aloze mzere umene watseguka, anene amene watulutsa zida zambiri. Chachitatu, aseŵere kuchokera pamenepo kaŵiri, kamodzi ndi zoyera, kamodzi ndi zakuda, kuti alaŵe kukoma ndi kuopsa kwa mbali zonse. Chachinayi, nthaŵi zina inu nomwe museŵere zoyera ndi kupatuka dala, lero c3, maŵa kavalo pa c3, kuti woloŵeza aonekere msanga ndi kuthandizidwa. Chotsiriza, mwana aliyense alembe maseŵero ake m'kope, ndipo pambali pa kusuntha kumodzi kapena kuŵiri alembe chifukwa chake m'Chicheŵa chake chomwe.

Ife okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje tikudziŵa kuti mlendo wofuna kufika pa Sapitwa, pa mamita 3,002, angathe kuloŵeza mokhota monse mwa njira, koma chiperoni chikatsika amasokera, pamene wolondolera alendo wa ku Likhubula amapitirira chifukwa amalidziŵa phirilo. Mudzakhala ndi ana ameneŵa zaka zochepa chabe, ndipo ambiri a iwo sadzapita ku mipikisano ya bungwe la Chess Association of Malawi. Koma aliyense wa iwo adzakumana ndi funso limene sanaloŵeze. Mukadzaona mwana watambasula dzanja kuti akankhe msilikali pa c5, muyambe mwamfunsa chimene akufuna pa d4, ndipo mumpatse nthaŵi yokwanira kuti ayankhe.